Kanema wamfupi m'kalasi ya akulu: za khunyu, za tulo ndi za m'mutu

Atsogoleri angapo a makalasi athu akhala akutifunsa funso limodzimodzi. Akuti masiku ano foni ili m'thumba la mnyamata aliyense, ndipo pa mipingo ina pali kamakina koonetsera zithunzi pakhoma koyendera mphamvu ya dzuwa. Nanga n'kulakwa kuonetsa kanema pa nthawi ya phunziro? Ena akuopa kuti akulu a mpingo adzati kalasi yasanduka nyumba ya vidiyo. Ena akuopa kuti ophunzira akazolowera kuonerera, coko ndi bolodi zidzayamba kuwatopetsa. Mantha amenewa m'pake. Ife tikuti kanema alowe ndithu, koma akhale wamfupi, ndipo alowe monga mlendo wodzayambitsa nkhani. Mpando wa mphunzitsi ukhalebe wanu. Tifotokoza cifukwa cake, ndipo tikhalitsa pa matenda a m'mutu ndi a maganizo, pakuti pamenepo m'pamene kanema angathandize kopambana, m'pamenenso angapweteke munthu.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono. Kanema wophunzitsa si wa dzulo m'maiko athu ano. Pakati pa 1935 ndi 1937, bungwe la mamishoni la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, linayesa kupanga mafilimu a anthu a kumidzi. Nchitoyo inkachedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anapanga mafilimu 35 ku Tanganyika, nawakweza pa lole kukaonetsa m'midzi ya Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Zithunzizo zinalibe mau. Mau ankacokera pa mbale za galamafoni, ndipo cimodzi mwa zinenero za pa mbalezo cinali Cinyanja cathu comweci. Ankaphunzitsa za njoka za m'mimba, za kukokoloka kwa nthaka, za kusunga ndalama ku positi. Koma mafilimu ambiri a nthawi ya atsamunda anali ndi cilema cimodzi. Munkakhala munthu wanzeru amene wamvera mzungu, ndi munthu wopusa amene watsata za makolo, ndipo wopusayo ankathera m'mavuto. Woonerera analibe coti anenepo. Yankho linkabwera litamangidwa kale, monga thumba la mcere la m'sitolo.

Kuno ku Moçambique, ufulu utabwera mu 1975, boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema mu 1976. Kuyambira 1978 kunayamba kutuluka kanema wa nkhani wochedwa Kuxa Kanema, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ankatuluka sabata ndi sabata, wa mphindi ngati 10. Liu lakuti kuxa ndi la anzathu a kumwera, ndipo ndi lomwe lija ife timati kuca. Magalimoto a kanema ankayenda m'maboma, kupacika nsalu yoyera pabwalo, ndipo anthu ambiri anaona cithunzi coyenda koyamba m'njira imeneyo. Nkhondo itakula magalimotowo analeka kuyenda, ndipo mu 1991 moto unaononga nyumba ya bungwelo ku Maputo. Ngati m'kalasi mwanu muli agogo amene anaonerera kanema wa pabwaloyo, afunseni afotokoze, inu mulembe. Imeneyo ndi mbiri ya kwanu, ndipo siili m'buku lililonse. Komabe tinene zoona: Kuxa Kanema nayenso kawirikawiri ankalankhula yekha, anthu n'kuomba m'manja, galimoto n'kupita.

Njira imene tikufuna ife ndi ina, ndipo ambiri mwa inu munaimva kale pa maphunziro a atsogoleri. Mu 1963, m'tauni ya Angicos ku Brasil, gulu la mphunzitsi Paulo Freire linaphunzitsa akulu pafupifupi 300 kuwerenga ndi kulemba m'maola 40. Asanalembe cilembo, ankaonetsa cithunzi pakhoma ndi makina, cithunzi ca moyo wa anthu omwewo, n'kufunsa kuti mukuonapo ciani. Anthu ankakambirana, kutsutsana, ndipo m'kukambiranako munkatuluka liu limene ankaliphwanya m'maphatikizo ake. Kanema wamfupi ndi cithunzi comweco, kungoti cikuyenda. Nchito yake ndi kutsegula pakamwa pa ophunzira.

Tikati wamfupi tikutanthauza mphindi 5, 10, zikacuruka 15. Kalasi yathu ndi ya maola awiri, ndipo amai amabwera atacokera kumunda, mwana ali kumsana, ndiwo sanathyole. Filimu ya ora lathunthu imadya phunziro lonse, anthu n'kumwazikana osalankhulana. Wamfupi mungathe kumuonetsa kawiri. Komanso batire silitha. Musaganize kuti wamfupi alibe nzeru: mu 2001 Orlando Mesquita anapanga kafilimu ka mphindi 5 kochedwa A Bola, ka ana amene amafufumitsa makondomu n'kuwakulunga kuti akhale mpira. Anthu amaseka, koma akatha kuseka amayamba kufunsana kuti nanga makondomu akuthera kwa ana, akuluwo akudziteteza ndi ciani. Kafilimuka kanali m'gulu la mafilimu a Steps for the Future, onena za Edzi kumwera kuno kwa Africa, ndipo eni ake analimbikitsa kuti azionetsedwa pali munthu wotsogolera zokambirana. Kumpingo ena sangakalole, tikudziwa. Takachula pofuna kuonetsa kuti mphindi 5 zimakwana.

(Kwa amene mumaphunzitsanso masamu: kanema ndi zithunzi zoima zimene zimasinthana msanga, 24 pa sekondi imodzi, mpaka diso limaona ngati zikuyenda. Funsani kalasi kuti m'mphindi 10 mumadutsa zithunzi zingati. Yankho ndi 14,400.)

Khunyu, nkhumba ndi cimbudzi

Titenge citsanzo cimodzi ticiyende mpaka kumapeto, pakuti m'menemo sayansi, cikhalidwe ca pamudzi ndi umoyo wa maganizo zakumana pamodzi. Citsanzoco ndi khunyu, amene ena amati matenda akugwa kapena manjirinjiri.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, OMS, limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwa ngati atapimidwa bwino n'kumamwa mankhwala oyenera. Limatinso m'maiko osauka atatu mwa anai alionse salandira mankhwalawo. Khunyu si misala. Ndi vuto la bongo: timitsempha ta m'bongo timatumizirana mauthenga ndi kamphamvu konga ka magetsi, ndipo mphamvuyo ikathamanga mosokonekera kwa kanthawi, munthu amagwa, amauma, amagwedezeka, nthawi zina kutuluka thovu kapena mkodzo. Kanthawiko kakadutsa, bongo umabwerera m'malo. Zoyambitsa zilipo zambiri: kuvulala mutu, kubadwa movutikira, malungo okwera kumutu, matenda oumitsa khosi. Kwa ena cifukwa sicipezeka. Ngakhale si misala, m'zipatala za dziko lathu khunyu amaonedwa ndi a nthambi ya matenda a m'mutu, ndipo ndiwo amodzi mwa matenda amene amawabweretsera anthu ambiri.

Tsono pali coyambitsa cina cimene cikutikhudza ife oweta nkhumba, makamaka ku Angónia, kumene akatswiri anapima nkhumba ndi anthu napeza kuti vutoli ndi lofala. Mumadziwa timatuza toyera tonga mpunga timene timapezeka mu nyama ya nkhumba zina, timene ena amati masese. Timeneto ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali, yaphanthiphanthi, imene asayansi amaicha Taenia solium. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake, n'kumaikira mazira ambirimbiri amene amatuluka ndi cimbudzi. Akapita kuchire, nkhumba yoyendayenda imadya, ndipo mazirawo amasanduka masese m'thupi la nkhumba. Mpaka apa ambiri amadziwa. Cimene ambiri sadziwa ndi ici: mazira omwewo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zosatsuka, nawonso amasanduka timatuza m'thupi la munthuyo, ndipo tina timakakhala mu bongo. Patapita zaka munthu uja amayamba kugwa. OMS imati m'madera amene njokayi ndi yofala, pafupifupi 30 mwa anthu 100 alionse a khunyu anamutenga m'njira imeneyi. Onetsetsani bwino apa, pakuti ambiri amasokoneza: munthu amene sanalawepo nkhumba moyo wake wonse angathe kudwala, ngati wophika kapena wokhala naye nyumba ali ndi njoka m'mimba. Ndipo si khunyu yense amene amacokera kumeneku.

Yesani kufotokoza zonsezi ndi pakamwa pokha. Mukafika pa dzira losaoneka ndi maso, mkulu wina kumbuyo adzati, “Aphunzitsi, inu munaliona?” Ndipo funso lake ndi labwino. Apa m'pamene kanema amaposa bolodi. Amaonetsa dziralo pansi pa makina okuza zinthu, amaonetsa cithunzi ca mkati mwa mutu cokhala ndi timadontho, amafupikitsa ulendo wa zaka zisanu kukhala mphindi ziwiri. Munthu amene waona amatsutsa mwa mtundu wina. Sanenanso kuti n'zabodza. Amayamba kufunsa kuti nanga khola la nkhumba tidzalidyetsa ciani m'mwezi wa njala, nanga cimbudzi cimodzi mpongozi ndi mkamwini alowamo bwanji. Amenewo ndiwo mafunso enieni. Sayansi yatha mbali yake, kwatsala za pamudzi, ndipo za pamudzi eni ake ndi amene akhala pa mabenchiwo.

Mbali yacitatu ndi imene imapweteka. Ambiri amakhulupirira kuti ukakhudza thovu kapena mkodzo wa munthu wogwa, kapena akakuphwisira, nawenso utenga. Si zoona, khunyu sapatsirana. Koma cifukwa ca mantha amenewa mwana amadyera mbale yakeyake, amacotsedwa sukulu, mtsikana ukwati umamulambalala, ndipo coopsa koposa, munthu akagwera pamoto anthu amaima patali mpaka atapsa. Zipsera za moto zimene mumaona pa manja ndi pa nkhope za anthu a khunyu, zambiri zikanapewedwa. Munthu wosalidwa cotere amayamba kudzibisa, kusowa tulo, kudziona ngati katundu wolemetsa abale. Nthenda ya bongo yabala nthenda ya mtima. Ife a mpingo timawerenga m'Marko mutu 9 za mnyamata amene ankagwera pamoto ndi m'madzi, ndipo pokambirana ndi bwino kukumbutsa kalasi kuti Ambuye anamugwira dzanja mnyamatayo.

Kafilimu ka mphindi zitatu koonetsa cocita munthu akagwa kamaphunzitsa msanga kuposa ulaliki: mucotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni nsalu kumutu, musamukanikize, musaike supuni kapena cala kapena mankhwala m'kamwa, kugwedezeka kukatha mugonekeni cam'mbali. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kucipatala. Mukatha kuonetsa, awiri aimirire ayesere pamphasa, anzawo aziwakonza. Kudzakhala kuseka, palibe kanthu. Manja amene ayesera kamodzi sacita mantha kwambiri tsiku lenileni.

Kayendetsedwe kake

Muonere nokha kanemayo kawiri tsiku lisanafike. Osaonetsa anthu cimene inu simunacione, ngakhale amene wakupatsani ndi munthu wodalirika. Mafilimu a zaumoyo mungafunse kucipatala ca boma lanu, kwa a mawailesi a m'madera, kapena ku mabungwe amene akugwira nchito kwanuko. Ambiri adzakhala m'Cipwitikizi kapena m'Cingerezi. Njira imene timaikonda ndi kuonetsa koyamba mau atazimitsidwa, n'kufunsa kalasi kuti cacitika n'ciani. Mudzadabwa kuti anthu khumi aona nkhani zinai zosiyana. Kaciwiri muonetse ndi mau, inu kapena wina akumasulira. Womasulirayo asatengere anyamata a m'nyumba za vidiyo amene amathira nthabwala zao pa filimu. Kumeneko n'kokoma, koma pa nkhani ya munthu wodwala nthabwala imodzi imagwetsa phunziro lonse.

Mafunso ayambire kutali, abwere pafupi pang'onopang'ono. Mwaona ciani? Mai uja anamva bwanji pamene anzake anathawa pacitsime? Zotere zimacitika kuno? Zimacitika cifukwa ciani? Funso limodzi lokha tikukuletsani: musafunse kuti ndani mwa inu ali ndi vutoli, kapena kwa yani kuli munthu wotere. Ubwino wonse wa kanema ndi wakuti anthu amalankhula za munthu wa pakhoma, amene sali mbale wa wina aliyense, ndipo polankhula za iye amatulutsa zao popanda kuvula pagulu. Mukaloza munthu, mwaononga chinga limenelo. Pakakhala cete musathamangire kudzaza ndi mau anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenaka mubwerere ku bolodi, pakuti kalasi yathu ndi yowerenga ndi kulemba. Tinene kuti kanema anali wa bambo amene sagona usiku. Liu likhale tulo. Mulilembe, muliphwanye: tu-lo. Banja la tu ndi ta te ti to tu. Banja la lo ndi la le li lo lu. Alekeni ophunzira amange okha. Mudzatuluka tate, tola, lata, ndipo posacedwa wina adzapeza lota, wina tula. Taonani: tulo, lota, tula. Maphatikizo khumi okha, koma akwanira kulemba nkhani yonse ya munthu wovutika maganizo, amene tulo tamuthawa, amene akalota amadzidzimuka, amene akusowa pomutula katundu. A caka caciwiri angathe kulemba ziganizo zitatu za kanemayo, kapena kalata yopita kwa munthu wa m'filimu. Makalata otere amatuluka ndi mau amene munthu sakanawanena pakamwa. Musawawerenge pagulu mwini wake asanalole.

Za nkhondo ndi za maliro

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ambiri a ku Tete, Zambézia ndi Niassa. Zaka zapita zambiri, koma amene anali ana ndi acinyamata nthawi imeneyo ndiwo akulu a m'makalasi athu lero, ndipo ambiri sanaphunzire cifukwa ca nkhondo yomweyo. Pamwamba pake pabwera mphepo ndi madzi: Idai mu 2019, Ana mu 2022 amene anagwetsa mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, Freddy mu 2023. Munthu amene anaona zoopsa nthawi zina zimamubwerera ngati zikucitika tsopano, m'maloto kapena masana. Amadzidzimuka ndi phokoso, amapewa malo ena, amapsa mtima msanga, ena amathawira ku kacasu. Si kufooka kwa cikhulupiriro. Thupi linaphunzira kukhala cheru kuti lipulumuke, ndipo silinamve kuti ngozi inatha.

Pa nkhani imeneyi pali filimu ya kwathu kwenikweni. Capakati pa zaka za m'ma 1990, Licínio Azevedo anapanga A Árvore dos Antepassados, kutanthauza mtengo wa makolo. Amatsatira banja la ku Tete limene linathawira ku Malawi mu 1984, likubwerera kwao patapita zaka khumi. Pothawa analibe nthawi yotsazika akufa ao, tsono ulendo wao ukuthera patsinde pa mtengo, kukauza makolo zonse zimene zinacitika, amene anamwalira kucilendo ndi amene anabadwa. Filimuyi ndi ya mphindi ngati 50, koma mungasankhe kacigawo kamodzi. Ubwino wake ndi wakuti simuonetsa magazi. Imaonetsa anthu akufunafuna njira yotsekera bala, ndipo kalasi ingathe kukambirana kuti kuno kwathu obwerera analandiridwa bwanji, amene anagwira mfuti anasambitsidwa bwanji asanalowe m'nyumba, mpingo unacita ciani. Akristu adzasiyana maganizo pa za nsembe ya pamtengo. Asiyane, musawaweruze msanga. Funso la onse ndi limodzi: munthu amene wanyamula akufa ake zaka khumi amawatula kuti?

Mafilimu oonetsa kuombera, mitembo ndi kuotcha midzi, ife tikuti ai. M'kalasi imodzi mungathe kukhala mai amene anaphedwera mwamuna ndi bambo amene anatengedwa ali mwana kukamenya nkhondo, ndipo akhala pamodzi mwamtendere zaka zonsezi cifukwa mudzi unapangana kusautsa mapiri pacigwa. Inu simudziwa zonse zimene iwo akudziwa. Nenani poyamba kuti kanemayu akukhudza za nkhondo kapena za maliro, ndi kuti wofuna kutuluka atuluke, sadzafunsidwa. Wina akalira, imitsani, mnzake wapamtima atuluke naye. Ndipo musaonetse zotere kumapeto kwa phunziro, anthu n'kupita nazo kumdima okha.

Kudzipha ndi nkhani yofuna kusamala koposa. Akatswiri amacenjeza kuti kuonetsa njira imene munthu anadziphera, kapena kuonetsa imfayo ngati yothetsa mavuto, kumakankha ena amene ali kale pamphepete. Azevedo yemweyo ali ndi filimu ina ya 2002, Desobediência, ya mai amene mwamuna wake anadzipha, abale a mwamuna n'kumuimba mlandu kuti ali ndi mwamuna wa mizimu, mlandu n'kupita kwa sing'anga ndi kukhoti. Osewera ake ndi eni nkhani enieniwo. Ndi filimu yamphamvu, ndipo atsogoleri mungapindule kuionera panokha pa msonkhano wanu, pakuti imaonetsa mmene banja lofedwa limafunira munthu woti limusenzetse imfa. Koma ndi yaitali ndi yolemera, si yoyambira nayo kalasi.

Pomutumiza munthu

Musatsegule nkhani zimenezi musanadziwe khomo limene mudzalozere munthu. Mawa lake wina adzatsalira anzake atapita, adzayamba ndi za nyengo, kenaka adzati, “Aphunzitsi, zija za dzulo zija, mwana wanga ndi mmene amacitira.” Inu si dotolo, musachule dzina la matenda kapena la mankhwala. Nchito yanu ndi kumvetsera, kusunga cinsinsi, ndi kuperekeza. Zipatala zazikulu za matenda a m'mutu, ca Infulene ku Maputo ndi ca ku Nampula, zili kutali ndi ife, koma kuyambira 1996 dziko lathu lakhala likuphunzitsa anthu ochedwa técnico de psiquiatria, amene amatumizidwa m'zipatala za m'maboma. Pitani mukamudziwe wa kwanuko, mumve masiku amene amaona odwala, ndipo ngati n'kotheka mumuitane akhalepo tsiku la kanema. Munthu amene wanena kuti akufuna kudzipha asasiyidwe yekha, aperekezedwe kucipatala tsiku lomwelo.

Kumvetsera kokhako si kanthu kakang'ono. Ku Harare, dotolo Dixon Chibanda anayambitsa nchito yochedwa Friendship Bench, m'mene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa cipatala kumvetsera anthu odwala nthenda imene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira. Zotsatira za kafukufuku wake zinafalitsidwa mu 2016, ndipo zinaonetsa kuti amene anaceza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira cithandizo ca masiku onse. Koma agogowo anaphunzitsidwa, ndipo ali ndi owayang'anira. Ife tisadziyese kuti tafika pamenepo cifukwa taonetsa filimu imodzi.

M'kalasi mudzakhala amene amapita kwa sing'anga, mwinanso sing'anga weniweni wa khadi la AMETRAMO, ndi ena amene amakhulupirira pemphero lokha. Kanema asakhale cibonga cowamenyera. Mukatero mwabwerera ku filimu ija ya wanzeru ndi wopusa, ndipo sabata yamawa mabenchi adzakhala opanda anthu. Pali mfundo imodzi yokha imene tiyenera kuimapo osasuntha: amene wayamba mankhwala a khunyu kapena a m'mutu asawaleke mwadzidzidzi, kaya wauzidwa ndi sing'anga, kaya ndi mlaliki, kaya cifukwa wakhala miyezi itatu osagwa. Kuleka kotere kumabweretsa kugwa koopsa kumene kungathe kupha. Apemphereredwe, mapiritsi akumwa.

Makalasi ena ayamba kujambula timafilimu tao ndi foni, ndipo ife tikuyamikira, pakuti filimu ya Cinyanja, ya pacitsime cimene anthu akucidziwa, imaposa yocokera kunja. Kulemba nkhaniyo, kugawana mbali, kulemba maina a osewera papepala, zonsezo ndi phunziro la kulemba. Koma likhale sewero. Musajambule munthu akugwa khunyu, musajambule wodwala misala wa pamsika, ngakhale abale ake avomere. Cithunzi cikalowa pa WhatsApp sicibwerera, ndipo munthu uja akadzacira adzacipeza cikumudikira. Osewera nawonso auzidwe poyera kumene filimuyo idzaonetsedwe, ndipo amene wasewera mbali ya wodwala asakhale munthu amene mudzi ukumunong'oneza kale.

Pomaliza tili ndi pempho. Cinyanja cili ndi mau ambiri onena za kuvutika kwa mkati: nkhawa, cisoni, kusweka mtima, mtima kuuluka, kuzungulira mutu, kubalalika, kuganiza kwambiri, kupenga. Sali ofanana, ndipo a kunyanja sanena monga a ku Angónia kapena a ku Milange. Pa zokambirana zanu, wophunzira mmodzi azilemba mau otere monga atulukira, pamodzi ndi ciganizo cimene ananenedwamo, popanda dzina la wonena. Mutitumizire kudzera kwa woyang'anira makalasi wa dera lanu, mutalemba mudzi ndi boma. Tikufuna kuwasonkhanitsa m'kabuku koti kathandize inu pophunzitsa, ndi a kucipatala amene anaphunzira nchito yao m'Cipwitikizi koma odwala ao amadandaula m'Cinyanja.